Ntchito yolemba malipoti a madokotala uli kunyumba: ndisaine kapena ndidikire?

Naphiri, Ulongwe

Moni nonse a pa gulu lino, makolo ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani yofuna uphungu wa anthu amene anaona zambiri kuposa ine. Ndinamaliza maphunziro a unamwino ku Tete, kuno ku Mozambique, ndipo pamene ndikudikira kuti ndiitanidwe ku ntchito ya boma, ndinapeza pa intaneti kampani ina yakunja imene imafuna anthu omvetsera mawu amene madokotala amajambula akamaliza kuona odwala, n'kuwalemba pa kompyuta kuti akhale malipoti a chipatala. Chingerezi ndimachimva bwino chifukwa sukulu ya pulayimale ndinaphunzirira ku Dedza kwa azakhali anga. Mayeso awo ndakhoza, ndipo tsopano anditumizira pepala la mgwirizano kuti ndisaine.

M'pepalamo alemba kuti malipiro ndi a pa mzere, ndipo mzere umodzi ndi zilembo 65 kuwerengera pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu. Akuti ntchito yanga iyenera kukhala yolondola kufika pa 98 peresenti, lipoti lililonse libwezedwe pasanathe maola 24, ndipo malipoti ena olembedwa kuti STAT abwezedwe mwamsanga kuposa pamenepo. Kompyuta, mahedifoni, chopondera choimitsira mawu, intaneti ndi magetsi zonse ndi za m'thumba langa. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndime yonena kuti ine sindine wantchito wawo koma munthu wodziimira payekha amene akugulitsa luso lake kwa iwo.

Kodi alipo pa gulu lino amene anagwirapo ntchito yotereyi ali kuno kwathu? Ndikufuna kudziwa ngati malamulo amenewa ndi a masiku onse, ngati munthu angapezemo ndalama yomuthandizadi, komanso zimene ndiyenera kufunsa ndisanaike dzina langa pa pepalalo.

Bambo Mbewe, mzinda wa Tete

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Ine ntchito imeneyi ndimaigwira, ndipo zimene mwatchulazo si zachilendo: mzere wa zilembo 65, kulondola kwa 98 peresenti ndi malire a maola 24 ndi muyeso umene makampani ambiri otumikira zipatala za ku America amagwiritsa ntchito. Choncho pepalalo palokha silikusonyeza chinyengo. Vuto lili pa zimene pepalalo silinena, ndipo ndi zimenezo ndifuna ndikufotokozereni.

Mafayilo amene mudzalandira si ofanana. Pali mbiri ya matenda ndi zimene dokotala wapeza pomuyeza wodwala tsiku lomugoneka, pali malipoti a opaleshoni, pali a X-ray ndi sikani, pali makalata a dokotala wina kwa mnzake, ndiponso pali lipoti lotulutsira wodwala m'chipatala limene limakhala ndi mndandanda wautali wa mankhwala. Munthu wozolowera amatha pafupifupi mphindi zinayi kuti alembe mphindi imodzi ya mawu, ndipo woyamba kumene amatha nthawi yoposa pamenepo kutalitali, chifukwa dzina lililonse la mankhwala limene salidziwa ayenera kulifufuza. Madokotala ena amalankhula modekha ndi momveka, koma ena amajambula akuyenda m'khonde la chipatala, ena akutafuna chakudya, ena akuthamangitsa mawu chifukwa atopa, ndipo Chingerezi chawo n'chosiyanasiyana popeza ambiri anachokera ku India, ku Nigeria, ku Philippines ndi kwina. Kampani sikulipirani kanthu pa nthawi imene mwabwereza chiganizo chimodzi kakhumi. Zili ngati ganyu wopalira amene mwini munda amawerenga mizere yokha, osayang'ana kuti mzere wina unali wa mchenga pamene wina unali wodzaza ndi nsongole.

Tiyeni tiwerengere mongoyerekeza, popeza mtengo wanu simunautchule. Titati akukupatsani masenti 2 a dola pa mzere, ndipo inu mwalemba mizere 600 pa tsiku, mwapeza madola 12, amene pa mtengo wa meticais pafupifupi 64 pa dola ndi meticais 768. Pa masiku 22 a ntchito ndi pafupifupi meticais 16,900. Koma ngati m'miyezi yoyamba mukufika pa mizere 300 yokha, ndalamayo yatsika ndi theka, ndipo pa theka limenelo muchotsepo mamega, mayunitsi a magetsi a Credelec ndi zimene banki idzadula. Tengani mtengo umene akupatsaniwo muwerengere motere musanasangalale nawo.

Mufunsenso ngati mtengowo ndi wolemba kuchokera pa tsamba lopanda kanthu kapena ndi wokonza zimene makina alemba kale. Masiku ano ntchito yambiri imayamba yadutsa m'pulogalamu yomva mawu, ndipo munthu amangomvetsera n'kukonza zolakwika. Pa ntchito yokonzayo makampani amalipira pafupifupi theka la mtengo wa mzere, poganiza kuti ndi yofulumira. Nthawi zina ndi yofulumiradi, koma dokotala akakhala wosamveka, kukonza kumatenga nthawi yofanana ndi kulemba mwatsopano. Chomaliza, mufunse ngati amalonjeza kuchuluka kwa ntchito pa tsiku, chifukwa pali masiku amene munthu amakhala pa mpando maola ambiri akudikira mafayilo amene sakubwera, ndipo kudikirako sikulipidwa.

Mayi Nangozo, Domwe

Mwanangu Naphiri, ine ndinagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo za makompyuta sindilowererapo, koma ndikufuna uganizire za munthu amene ali kuseri kwa lipotilo. Bambo Mbewe anena za ndalama, ndipo anena zoona, koma 98 peresenti imene akukuuzayo usaione ngati malikisi a m'kalasi. Ku sukulu wopeza 98 ndi katswiri, pamene m'chipatala ziwiri zotsalazo zikagwera pa mlingo wa mankhwala, munthu amapita kumanda.

Zimenezi zinachitikadi ku Alabama, m'dziko la America. M'chaka cha 2008 dokotala anajambula mawu otulutsira mayi wina wodwala shuga, ndipo ananena kuti azibayidwa mayunitsi 8 a insulini. Mawuwo anakalembedwa ku India kudzera m'makampani opatsirana ntchito, ndipo m'lipoti munalembedwa mayunitsi 80. Kumalo kumene mayiyo anapita kukapitiriza chithandizo anamubaya monga mwa pepalalo, ndipo anamwalira. Mu 2012 khoti linagamula kuti banja lake lipatsidwe madola 140 miliyoni. Wolembayo mwina sanamuonepo mayiyo ngakhale pa chithunzi, koma dzanja lake linali m'gulu la manja amene anamusamalira.

Iwe unaphunzira unamwino, ndiye uli ndi chimene olemba ambiri alibe: ukamva mlingo wosayenera, mtima wako udzagunda. Usauletse mtima umenewo pofuna kuchulukitsa mizere.

Nkhani ina ndi ya chinsinsi. Tonse tikudziwa mmene timakhalira m'nyumba zathu: khomo silitsekedwa, alendo amalowa mpaka kuchipinda, ana amabwereka foni ndi laputopu, ndipo munthu akadzitsekera amati wayamba kunyada. Ife amene tinagwira ntchito pamene matenda a Edzi anali pachimake tinaona mabanja akupasuka chifukwa cha mawu amodzi otuluka m'chipatala. Wodwala wa kutali nayenso ali ndi ulemu wofanana ndi wa kuno. Ngati kwanu kulibe chipinda chimene ungatseke, ndipo abale sangamvetse chifukwa chake, uyambe wakonza zimenezo.

Bambo Mbewe, mzinda wa Tete

Mayi Nangozo anena chinthu chimene ndinayenera kuchitsindika. Makampani okhazikika salinganiza zolakwa zonse. Kuiwala chizindikiro chopumira (,) ndi cholakwa chaching'ono, koma kusokoneza mlingo wa mankhwala, kulemba dzanja lamanja pamene dokotala wanena lamanzere, kusiya mawu okana n'kupangitsa wodwala kuoneka ngati ali ndi matenda amene alibe, kapena kuika lipoti pa dzina la wodwala wina, zimenezi amaziwerenga ngati zolakwa zoopsa, ndipo chimodzi chokha chikhoza kugwetsa lipoti lonse. Misampha yake ndi yodziwika: 15 ndi 50 zimamveka mofanana m'Chingerezi, hypo ndi hyper zimasiyana pang'ono m'khutu koma zimatanthauza zinthu zotsutsana, ndipo mankhwala monga hydroxyzine ndi hydralazine, kapena Celebrex ndi Celexa, amachiza matenda osiyana kotheratu.

Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti chimene simunamve musachipeke: siyani mpata, ikani chizindikiro, wina akamvetserenso. Ndiye funso lofunika kwa kampaniyo ndi ili: kodi mpata woterowo amaudulira malipiro kapena malikisi? Kampani imene imalanga munthu chifukwa chosiya mpata ikumuphunzitsa kupeka, ndipo ine kampani yotero sindingaigwirire ntchito ngakhale italipira bwino.

Banda, Moatize

Ine ndimakonza makompyuta, ndiye ndilankhulapo za zipangizo. Achemwali, malire a maola 24 amaoneka otakasuka mpaka tsiku limene magetsi azima m'mawa n'kubwera madzulo. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino ku Songo, tonse tikudziwa kuti nyengo ya mvula ndi mphezi magetsi amavuta, makamaka m'maboma akutali ndi mzinda. Musadalire kompyuta ya pa tebulo yopanda batire. Pezani laputopu ya batire lamoyo, ndipo ngati mungathe onjezani batire lalikulu ndi inveta, kapena sola yaing'ono yokwana laputopu, rauta ndi babu limodzi.

Pa intaneti, chofunika si liwiro lalikulu koma kusadukaduka. Makampani ambiri safuna kuti fayilo ya wodwala ikhale mu kompyuta yanu, choncho mumalowa mu dongosolo lawo kudzera pa VPN, njira yotetezedwa ya pa intaneti, n'kugwirira ntchito momwemo, ndipo netiweki ikaduka kwa mphindi imodzi mawu amaima, nthawi zina n'kukutulutsani kuti mulowenso. Khalani ndi masimu a makampani awiri osiyana, ndipo muyese netiweki pa maola enieni amene mudzagwira ntchito, osati m'bandakucha pamene anthu onse ali m'tulo. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo imathandiza kumadera kumene netiweki ya foni ndi yofooka, koma mtengo wa zida zake ndi wa mwezi uliwonse ndi wolemera kwa munthu amene sanalandirebe malipiro oyamba. Tikumbukirenso kuti kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, chisankho chitatha, intaneti ya pa foni inkadulidwa m'dziko lonse kwa maola ambiri. Mufunse kuti pa zinthu zotere, zimene si mlandu wanu, mgwirizanowo ukunena chiyani.

Ndipo kuwonongeka sikuchitika mbali yathu yokha. Mu Juni 2017 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa NotPetya kanagwetsa makina a Nuance, kampani imene inali pakati pa zazikulu kwambiri pa ntchito yolemba malipoti a zipatala, ndipo panatenga masabata kuti zonse zibwerere m'malo. Munthu wolipidwa pa mzere, makina a kampani akaima, nayenso malipiro ake aima pokhapokha mgwirizano utanena zina.

Chopondera chija sindinachionepo m'masitolo a kuno, ndiye konzekerani kuchiitanitsa kuchokera ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku South Africa. Popanda icho mudzaimitsa mawu ndi zala zomwezo zimene mukulembera, ndipo liwiro lanu lidzatsika kwambiri. Mwayi wanu ndi wakuti muli ku Ulongwe kozizira. Ife kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo laputopu imazima yokha.

Naphiri, Ulongwe

Zikomo kwambiri makolo anga ndi achimwene. Ndabwereranso ku pepalalo ndipo ndapeza kuti mitengo ilidi iwiri, wina wolemba ndi wina wokonza za makina, ndipo wachiwiriwo ndi wotsika kwambiri, koma sananene kuti ntchito yambiri idzakhala ya mtundu uti. Za mpata wosiyidwa sanatchule chilichonse. Alembanso kuti ndisankhe maola anga motsatira nthawi ya ku New York, ndipo pamenepa ndikufuna wina andimasulire mmene zidzakhalire kuno.

Nabanda, Furancungo

Mnzanga, za maolazo ndiyankhe ine, chifukwa ndi zimene zinandichititsa kuti ndisiye ntchito yofanana ndi imeneyi. Ife tili patsogolo pa New York ndi maola 6 kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi yotsalayo ndi maola 7, chifukwa iwo amasintha mawotchi awo pamene ife sitisintha. Madokotala ambiri a m'makiliniki amajambula mawu akamaliza kuona odwala, cha m'ma 5 koloko madzulo kwawoko, imene kuno ndi 11 koloko kapena 12 koloko usiku. Ine ndinapatsidwa maola a malipoti ofulumira, ndiye ndinkagwira ntchito usiku wonse, n'kudzuka m'mawa kukonzekeretsa ana kupita ku sukulu, kenako kuphika, kuchapa ndi kupita kumunda monga mwa masiku onse. Anthu a pakhomo saona kukhala pa kompyuta ngati ntchito. Amati uli panyumba, choncho uli ndi mpata. Maliro akagwa pamudzi sungauze anthu kuti sindibwera chifukwa ndili ndi malipoti, ndipo ukapita, kampani imaona kuti sunakwanitse maola ako.

Thupi nalo limalipira. Kukhala pa mpando wa m'khitchini maola ambiri kunandipweteka msana ndi khosi, zala ndi mfundo za manja zinkachita dzanzi, ndipo makutu ankalira chifukwa chokweza mawu pofuna kumva dokotala wolankhulira pansi. Palibe tchuthi cholipidwa, palibe malipiro ukadwala, ndipo ukakhala woyembekezera ndi nkhani yako. Palinso kusungulumwa kumene sindinkakuyembekezera: wokuyang'anira sumuona nkhope, amangokutumizira uthenga wosonyeza zolakwa, ndipo ukamva nkhani yomvetsa chisoni m'lipoti, monga ya mwana wodwala khansa, sungauze aliyense pakhomo.

Sindikunena kuti usayambe. Ndikunena kuti ngati akulola kusankha, ukane maola a usiku ndi malipoti a STAT kufikira utazolowera, ndipo ugule mpando wabwino usanagule china chilichonse chokongoletsa nyumba.

Bambo Mbewe, mzinda wa Tete

Zimene anena Nabanda ndi zoona, koma kusiyana kwa nthawiko kuli ndi mbali inanso yotikomera. Mawu amene ajambulidwa madzulo ku America amatipeza kuno m'mawa atadzaza pa mzere wodikira, ndipo munthu woyamba ntchito 6 koloko m'mawa kuno amakhala akugwira pamene iwo ali pakati pa usiku, n'kumaliza madokotalawo asanafike ku ntchito. Ndi chifukwa chimodzi chimene makampani amafunira anthu a mbali ino ya dziko. Choncho pemphani maola a m'mawa wa kuno, ndipo muwauze poyera kuti zimenezo zikuwathandizanso iwo. Ntchito ya ku Britain ndi yosavuta pa nkhani imeneyi popeza timasiyana ola limodzi kapena awiri okha.

Bambo Mwale, Zobwe

Ndilankhulepo pa ndime imene yakudetsani nkhawa, mayi, ya kukhala wodziimira payekha, popeza ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono. Lamulo latsopano la ntchito la dziko lino, la nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, limazindikira ntchito yogwirira kutali ndi ofesi, ndipo limasunga muyeso wa maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata, tchuthi, komanso masiku 90 a mayi wobereka. Koma zonsezi ndi za munthu amene ali pa mgwirizano wa wantchito ndi bwana. Inu mukasaina kuti ndinu wodziimira, ndipo kampaniyo ilibe ofesi m'dziko muno, kudzakhala kovuta kwambiri kuti mupeze kokadandaula ikakana kukulipirani. Yang'anani ndime yonena za khoti limene lidzaweruze mkangano. Kawirikawiri amalemba la kwawo, kumene inu simungafikeko.

Pa chifukwa chimenechi muyenera kudzichitira nokha zimene bwana akanakuchitirani. Khalani ndi NUIT yanu, nambala yolipirira msonkho, ndipo mufunse ku ofesi ya msonkho mmene mungalembetsere ndalama zochokera kunja. Ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni, anthu odzilemba okha ntchito amaloledwa kulembetsa, ndipo amapereka 7 peresenti yonse okha, pamene wolembedwa ntchito amapereka 3 ndipo bwana amaonjezera 4. Ambiri amanyalanyaza zimenezi ali achinyamata. Mufunsenso njira imene ndalama idzafikire m'manja mwanu, tsiku lake, ndalama yochepetsetsa imene amatumiza, ndi amene adzalipire mtengo wotumizira, chifukwa pa malipiro ochepa zodula za mabanki zimadya gawo lalikulu. Ngati pali ndime yonena kuti cholakwa chikabweretsa mlandu inu ndi amene mudzalipire, musaivomere mwachisawawa. Kumbukirani chiwerengero chimene atchula Mayi Nangozo.

Chinanso ndi kudziwa kuti mukugwirira ntchito yani kwenikweni. Ku America kuli lamulo la 1996 lotchedwa HIPAA loteteza chinsinsi cha odwala, ndipo kampani iliyonse yogwira mafayilo a chipatala, pamodzi ndi ena amene yawapatsirako ntchito, iyenera kusainirana pangano losunga chinsinsicho. Malamulo ena oteteza chinsinsi cha anthu ndi GDPR ku Ulaya ndi POPIA ku South Africa. Mu 2003 chipatala cha yunivesite ku San Francisco chinadzidzimuka kulandira uthenga wochokera kwa mayi wina wa ku Pakistan, woopseza kuti aulutsa mafayilo a odwala pa intaneti ngati salandira malipiro ake. Chipatalacho sichinkadziwa n'komwe kuti ntchito yake yafika kumeneko, chifukwa inadutsa m'manja mwa anthu angapo opatsirana. Amene ali kumapeto kwa unyolo wotere ndi amene amalandira zochepa ndiponso amene amayamba kumanidwa. Zipatala zina zimaletseratu kuti mafayilo awo atuluke m'dziko lawo. Choncho wina akakuuzani kuti mubise kuti muli ku Mozambique, kapena mugwiritse ntchito akaunti ya munthu wina, chokanipo msanga.

Aphunzitsi Jere, Tsangano

Ine ndikhala wokayika pa gulu lino, ndipo mundikhululukire. Choyamba, achemwali, tiuzeni ngati akupemphani ndalama iliyonse, kaya ya maphunziro, ya pulogalamu kapena yolembetsera. Achinyamata athu ambiri abedwa pa intaneti ndi anthu olonjeza ntchito ya pakhomo amene amayamba ndi kupempha kuti mutumize kenakake pa M-Pesa kapena e-Mola. Kampani yeniyeni imakuyesani, ndipo mukakhoza imakulipirani. Siyamba ndi kukulipiritsani. Maphunziro ndi ziphaso zodziwika pa ntchitoyi zilipo, monga za bungwe la ku America lotchedwa AHDI, koma zimenezo munthu amazifuna yekha, osati mokakamizidwa ndi womulemba ntchito.

Chachiwiri ndi tsogolo la ntchitoyi. Nthambi ya boma la America yoona za chiwerengero cha ntchito yakhala ikunena kwa zaka zambiri kuti olemba malipoti a chipatala azicheperachepera. Microsoft inagula Nuance mu 2022 pa mtengo wa madola pafupifupi 19.7 biliyoni, ndipo tsopano kuli mapulogalamu amene amamvetsera dokotala akucheza ndi wodwala n'kulemba okha lipoti nthawi yomweyo. Kodi n'kwanzeru kuti mwana amene waphunzira unamwino, pamene zipatala zathu za ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde zikusowa anamwino, athere mphamvu zake ndi ndalama zogulira zipangizo pa ntchito imene eni ake akuipereka kwa makina? Ine ndikuopa kuti manja ake adzaiwala kubaya jakisoni ndi kuchiritsa mabala pamene akuthamangitsa mizere.

Bambo Mbewe, mzinda wa Tete

Aphunzitsi, kukayika kwanu n'koyenera, ndipo sindingatsutse kuti ntchitoyi ikuchepa ndiponso kuti mtengo wa mzere sukukwera. Pamene ndisiyana nanu ndi pa kuganiza kuti makina amaliza zonse. Makina salemba mawu osamveka n'kuvomera kuti sanamve. Amalemba chiganizo chosalala, chooneka bwino, chimene nthawi zina ndi chabodza, ndipo cholakwa chotero n'chovuta kuchigwira kuposa cha munthu. Ndi chifukwa chake zipatala zosamala zimafunabe munthu wodziwa za mankhwala kuti awerenge. Chodandaulitsa n'chakuti udindo wa munthuyo wakula pamene malipiro ake atsika.

Kwa achemwali athuwa, ine ndikuona kuti ntchitoyi ndi yoyenera kuigwira ngati yodikirira, osati ngati yomangapo moyo wonse. Idzawaphunzitsa mayina a mankhwala, kalembedwe ka malipoti ndi Chingerezi cha chipatala, zimene zidzawathandiza akadzafuna ntchito m'mabungwe a zaumoyo. Koma asatenge ngongole yogulira zipangizo zodula asanalandire malipiro a miyezi ingapo motsatizana, ndipo aonetsetse kuti mgwirizanowo ukuwalola kusiya atapereka chidziwitso cha masiku ochepa, kuti kalata ya boma ikadzabwera asadzamangike.

Mayi Nangozo, Domwe

Pa mfundo ya aphunzitsi ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mwanangu, kaya uyamba kaya suyamba, upemphe kwa akuluakulu a chipatala chapafupi kuti uzikathandizako masiku ena pa sabata, ngakhale popanda malipiro, kuti manja asaume. Ndipo maola amene udzauze kampaniyo akhale otsala pa zimenezo.

Naphiri, Ulongwe

Aphunzitsi, ndalama sanandipemphe, koma alemba kuti masabata oyamba ndi ophunzira ndipo sananene ngati adzalipidwa. Usiku uno ndiwalembera kalata yowafunsa za masabata amenewo, za gawo la ntchito limene lidzakhale lokonza za makina, za chilango cha mpata wosiyidwa, za tsiku limene magetsi kapena intaneti zaduka, za njira yolipirira ndi za masiku a chidziwitso ndikafuna kusiya. Ndiwapemphanso maola a m'mawa wa kuno ndi dzina la kampani imene ili ndi pangano ndi zipatalazo. Sindisaina kufikira atayankha molemba. Za chipinda ndalankhula kale ndi amayi, ndipo avomera kuti tiike loko pa kachipinda kosungiramo mbewu tikasamutsa matumba.

Bambo Mbewe, kodi mungandithandize ndi mafayilo angapo a mawu a madokotala kuti ndiziyeserera pamene ndikudikira yankho lawo?

Bambo Mbewe, mzinda wa Tete

Mafayilo a ku ntchito kwanga sindingakutumizireni, achemwali, ngakhale imodzi, chifukwa ndi mawu onena za odwala enieni ndipo pangano limene ndinasaina likundiletsa, monga mmene lanu lidzakuletserani. Koma amene anapanga pulogalamu yomvetserera mawu polemba yotchedwa Express Scribe, imene ili ndi mtundu waulere, anaika pa tsamba lawo mafayilo oyeserera, ena mwa iwo a zachipatala, pamodzi ndi malemba ake olondola oti mufananize ndi zanu. Yambani ndi amenewo, muziyang'ana wotchi kuti mudziwe mphindi zimene mukuthera pa mphindi imodzi ya mawu, kenako muwerenge zilembo zonse n'kugawa ndi 65. Chiwerengero chimene mupeze muchichulukitse ndi mtengo wotsika uja, osati wokwera, ndipo mutiuze pano pamodzi ndi yankho la kampaniyo kuti Bambo Mwale aone ndime zake.